Mmene Mungayerekezere Kulimba kwa Galimoto Ngati Mumakhala ku Chigwa cha Shire

Mukaima pa siteji ya Dyeratu kapena pa Nchalo n'kufunsa kuti galimoto yolimba ndi iti, mayankho amachuluka kuposa anthu amene alipo. Wina amalumbira pa Probox, wina amati Sienta ndiyo yalera ana ake, wa pikapu amangoseka n'kuloza Hilux yake yakale imene chitseko chake amamanga ndi linya. Palibe akunama. Kungoti aliyense akunena za msewu wake, katundu wake ndi makaniko wake, osati zanu.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Galimoto yanga yoyamba ndinaigula chifukwa cha maso. Dzina lake ndisunga, poti wolakwa ndinali ine. Pa tala inkayenda ngati ikuyandama, mkati mozizira bwino. Tsiku lina mu Okutobala, ndikuchokera ku maliro chakumtunda kwa Ngabu, inangoti zii, kuzima. Chimene chinafa chinali kasensa kosaposa chala changa chachikulu. Ku Nchalo kanalibe, ku Limbe anangopukusa mitu, ku Ndirande anandipatsa kofanana nako koma kosalowa. Tinachita kuitanitsa ku Joni. Milungu itatu galimoto ili pansi pa mtengo wa masau pakhomo pa gogo wina wachifundo, mpaka nkhuku yake inayamba kuikira kunsi kwake. Nthawi yonseyo mnansi wanga ankangodutsa pa kagalimoto kake kokalamba, kamene kankadwala kawirikawiri kuposa yanga, koma sikanagonepo kutchire ngakhale usiku umodzi.

Kuyambira pamenepo, ndikamayerekeza galimoto ndimawerenga chinthu chimodzi: pachaka, ndi masiku angati amene idzakhale itaima? Masikuwo amachokera kuwiri. Imawonongeka kangati, ndipo ikawonongeka imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ibwerere pamsewu. Anthu ambiri amafunsa choyambacho n'kuiwala chachiwiri. Pezani kope la sukulu ndi cholembera, tiyambe.

Gawo loyamba: lembani misewu yanu musanalembe dzina la galimoto

Tsamba loyamba likhale la maulendo anu enieni a chaka chathachi, osati amene mumalota. Munthu wa pa boma la Nsanje amene amangoyenda mu M1 kupita ku Bangula, Nchalo ndi Blantyre ali pa tala ulendo wonse. Mdani wake ndi kutentha, maenje, ng'ombe zodumpha msewu madzulo, ndi chitunda cha Thabwa. Munthu wa ku East Bank, wopita ku Masenjere, Fatima kapena Muona, nkhani yake ndi ina: fumbi, miyala, ndi timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo timene timadzaza mwadzidzidzi kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Wa ku Chapananga akudziwa zimene mtsinje wa Mwanza unachita ndi mlatho mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe wa Ana. Ndipo amene ali ndi munda wa thonje m'dothi la makande cha ku Ngabu safunika kumuuza kuti mvula ikagwa dothilo limamata ngati ulimbo.

Lembaninso katundu. Kodi ndi banja la anthu asanu Lamlungu lokha, kapena matumba a mapira, chitowe ndi mbuzi ziwiri tsiku lililonse la msika? Pano pamafunika chilungamo. Probox yonyamula katundu anaipangira makilogalamu 400, kutanthauza matumba 8 a makilogalamu 50. Mukamaisenzetsa matumba 15 n'kukhazikanso anthu pamwamba, masipuling'i akathyoka musati galimotoyo ndi yofooka.

Pomaliza pa tsambali lembani miyezi. Ngati kuyambira Disembala mpaka Malichi galimoto idzakhala pakhomo chifukwa msewu wa kwanu saudutsa ngakhale ndi thirakitala, musalipire ndalama zambiri pogula ya magudumu anayi okoka chifukwa cha miyezi imene simudzayenda n'komwe.

Gawo lachiwiri: sankhani zitatu, ndipo muzidziwe ndi injini ndi giyabokosi

Zitatu zokwana. Zikapitirira pamenepo mutu umazungulira.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amati "Toyota ndi yolimba" kapena "Nissan imavuta", ngati kuti kampani imapanga galimoto imodzi. Dzina la pa boneti silikuuzani zambiri. Tsegulani boneti kapena chitseko, pezani kachitsulo kamene analembapo nambala ya chasisi, mtundu wa injini ndi wa giyabokosi, mukopere zonse m'kope. Mukatero mudzayamba kuona zinthu zimene wogulitsa sanena.

Mwachitsanzo, injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 imapezeka mu Probox, Sienta, Corolla, Ist, Raum, Allion ndi zina. Zimenezi zikutanthauza kuti mapulagi, makoyilo, pampu ya madzi ndi gasiketi zake zili ponseponse, ndipo makaniko wa pa Bangula waitsegulapo kambirimbiri. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, choncho nkhawa ya lamba woduka palibe, bola oilo azisinthidwa pa nthawi yake. Vitz ndi Passo zambiri zili ndi 1KR-FE, ya masilinda atatu ndi lita imodzi. Siimwa mafuta, koma mukaidzaza anthu n'kuikweza ku Thabwa masana imalira momvetsa chisoni. Mira ndi Alto, za 660cc, ndiye zinapangidwira m'matauni a ku Japan. Zimathandiza, inde, koma zili pafupi kwambiri ndi nthaka.

Giyabokosi ndiyo imasiyanitsa kwambiri. Otomatiki sizifanana. Pali yakale ya magiya anayi, yopirira nkhanza, ndipo pali CVT, imene imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Probox zopangidwa chaka cha 2014 chisanafike zili ndi otomatiki yakaleyo kapena manyuwo, pamene zoyambira 2014 zili ndi CVT. Sienta yoyamba, imene inatuluka mu 2003, yokoka ndi magudumu akutsogolo ili ndi CVT, koma yokoka ndi anayi ili ndi ya magiya anayi. Mukuona? Dzina limodzi, galimoto ziwiri. Note ndi Tiida zambiri, Fit, ndi Demio zina nazonso ndi za CVT. Sindikunena kuti CVT ndi yoipa. Imasunga mafuta ndipo pa tala ilibe mlandu. Koma imadana ndi zinthu zitatu zimene kuno n'zosasowa: kutentha, katundu wolemetsa, ndi kuvinyavinya m'matope kapena mumchenga. Imafunanso oilo wakewake. Za Nissan zimafuna NS-2 kapena NS-3, za Toyota TC kapena FE, malinga ndi chaka. Wina akangothiramo oilo wofiira wa otomatiki wamba, yambani kusunga ndalama ya giyabokosi ina. Ndipo ikafa, kawirikawiri sakonza, amangosintha yonse.

Ku mapikapu nakonso n'chimodzimodzi. Hilux ya injini ya 3L kapena 5L ndi yaulesi, yaphokoso, koma yosavuta kuimvetsa. Ya D-4D, monga 2KD ndi 1KD, ndi yamphamvu ndipo imasunga dizilo, koma mainjekita ake safuna dothi kapena madzi ngakhale pang'ono, ndipo mtengo wake umaumitsa pakamwa. Zonsezi zili ndi lamba wa taimingi wofunika kusintha. Funsani kuti anasintha liti, ndipo yankho lakuti "posachedwapa" musalilembe m'kope.

Palinso chinsinsi china chothandiza: galimoto zina ndi mapasa ovala malaya osiyana. Vanette zambiri zimene timaziona kuno ndi Mazda Bongo yomweyo. Passo ndi Daihatsu Boon. Mukadziwa zimenezi, malo ofunsa masipeya amawonjezeka.

Gawo lachitatu: za pa intaneti werengani, koma musazipembedze

Mudzapeza mindandanda yoyerekeza kudalirika kwa galimoto, monga ya J.D. Power ndi Consumer Reports ya ku America, kapena ya TÜV ya ku Germany. Ndi ntchito yabwino, koma dziwani chimene akuyeza. Kafukufuku wa J.D. Power wa kudalirika kwa galimoto amafunsa eni galimoto za zaka zitatu, n'kuwerenga mavuto pa galimoto 100 zilizonse, kuphatikizapo wailesi imene ikukana kulumikizana ndi foni. Ife timagula galimoto zimene zambiri zadutsa zaka khumi, zopangidwira msika wa ku Japan, n'kuziponya m'fumbi. Chimene ndimatengako ine n'chimodzi: ndimalemba nambala ya injini kapena ya giyabokosi pa Google n'kuona matenda amene anthu a m'mayiko osiyanasiyana akudandaula mobwerezabwereza. Matenda amenewo ndimawalemba kuti ndikawafunse kwa amakaniko.

Gawo lachinayi: funsani amakaniko, koma funsani bwino

Safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwika amadyanso lomwelo. Mukapita kwa makaniko n'kunena kuti "galimoto yabwino ndi iti?", adzakuuzani imene iye amaidziwa kukonza, kapena imene mlamu wake akugulitsa. Pitani kwa amakaniko atatu a malo osiyana, mwina mmodzi pa Nchalo, wina pa Ngabu kapena Bangula, wina ku Blantyre. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwiye, ndipo kachakumwa kozizira m'manja sikalakwika.

Ine ndimafunsa chonchi. Galimoto iyi ikabwera kuno, kawirikawiri imabwera ndi chiyani? Imabwera yokha kapena yokokedwa? Chimene chawonongekacho mumachipeza kuti, ndipo zimatenga masiku angati? Pali chimene inu simungathe mpaka ipite ku Blantyre pa makina?

Funso lachiwirilo ndi limene limaulula zambiri. Tsiku lina ndinaima m'galaja ina ya pansi pa mtengo, mkulu wake ali chagada kunsi kwa minibasi. Ndinamulozera galimoto ziwiri zimene zinali pambali.

"Madala, ziwirizi yovuta ndi iti?"

Anatulutsa mutu, n'kupukuta thukuta ndi kolala. "Iyo yoyerayo, bwana, imabwera mwezi uliwonse. Lero bushi, mawa shokapu, mkuja ekizozi yagwa. Koma imabwera ndi miyendo yake, madzulo yapita. Iyo yakudayo yabwera kamodzi kokha chaka chino."

"Ndiye yakudayo ndiyo yolimba?"

"Inabwera mu Juni," anatero, n'kubwerera kunsi. Umenewo unali mwezi wa Seputembala. Matayala ake anali ataphwa, ndipo pagalasi ana anali atalembapo maina awo m'fumbi.

Mukachoka kwa amakaniko, pitani pa siteji. Madalaivala a Sienta ndi minibasi amene amakwera ndi kutsika phiri tsiku lililonse amayenda m'mwezi umodzi mtunda umene inu mudzayende theka la chaka, choncho matenda a galimoto amawaona msanga. Koma funsani dalaivala, osati mwini wake amene akufuna kuigulitsa. Funsani kuti injini imene ilimoyo ndi yoyamba kapena yachiwiri, giyabokosi asinthapo kangati, ndipo inagonapo pamsewu chifukwa cha chiyani. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: galimoto yochuluka pamsewu imachulukanso m'galaja. Kuona ma Sienta asanu kwa makaniko si umboni woti Sienta ndi yofooka, monganso kusaonako Volvo si umboni woti Volvo siiwonongeka.

Gawo lachisanu: yesani msika wa masipeya musanagule

Gawo ili ndi limene ndikanachita kale sindikanadyetsa nkhuku za gogo uja mthunzi. Pa galimoto iliyonse mwa zitatuzo lembani zinthu izi: ledieta, pampu ya madzi, pampu ya mafuta, koyilo kapena injekita, sensa ya kirankishafuti, mabuleki padi, shokapu yakutsogolo, galasi lakutsogolo, ndi giyabokosi yathunthu yogwiritsidwapo kale ntchito. Kenako yendani kapena imbani ngati kuti galimotoyo yafa lero. Yambani ndi mashopu a pafupi ndi kwanu, kenako Limbe, Ndirande ndi Ginnery Corner. Pa chinthu chilichonse lembani mtengo, ndipo pambali pake lembani masiku.

"Chilipo, bwerani" ndi tsiku limodzi, chifukwa kondakitala wa minibasi akhoza kukubweretserani madzulo omwewo. "Tikufunsirani kwa anzathu" ndi masiku atatu. "Tiitanitsa ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku Dubai" ndi milungu, ndipo nthawi imene ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno, milunguyo imabereka ina.

Funsaninso saizi ya matayala. Galimoto ina imakhala yabwino ndithu koma ili ndi matayala opyapyala a marimu aakulu amene pa Nsanje simungawapeze, ndipo dzenje limodzi la pa M1 limatha tayala ndi rimu yomwe.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ziyeseni ndi adani a kuno

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene chigwa chimasiyana ndi Lilongwe kapena Mzuzu.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo galimoto imene ku Blantyre inkabisa matenda ake, kuno imaulula. Injini isanalizidwe, ili yozizira, tsegulani chivindikiro cha ledieta. Mukufuna kuona madzi a mtundu, ofiirira kapena obiriwira, osati adzimbiri ngati a m'chithaphwi. Izi n'zofunika kwambiri ngati galimotoyo yakhala kuno, chifukwa mijigo yambiri ya m'chigwa ili ndi madzi amchere, ndipo madzi amenewo akamathiridwa mu ledieta amadya mkati mwakachetechete. Onani ngati pulasitiki ya pamwamba pa ledieta yasanduka yotuwa kapena yang'aluka. Lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza, chimene chimasonyeza kuti gasiketi yapsa. Tembenuzani chivindikiro cha oilo: mukapeza zoyera ngati chambiko, bwezani makiyi. Injini ikatentha musayerekeze kutsegula ledieta, madzi ake amasenda khungu. Dikirani mpaka fani izungulire yokha, ndipo funsani ngati thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini, ilimo. Amakaniko ambiri amaichotsa poganiza kuti akuthandiza, koma nthawi zambiri kuchotsako kumangobisa ledieta yotsekeka.

Dziwaninso kuti galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zilibe muvi woonetsa kutentha. Zili ndi kanyali kabuluu ndi kofiira basi, ndipo kofiirako kakamayaka zinthu zimakhala zitafika kale pena. Kwa ine, galimoto ya muvi imapeza mfundo imodzi yaulere. Za injini ya pansi pa mpando, monga Bongo, Vanette ndi Hiace, ziyang'aneni kawiri pa nkhani ya madziyi.

Wachiwiri ndi fumbi. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, mupitirize chala m'paipi imene ili kuseri kwa fyulutayo. Mukapezamo fumbi ndiye kuti injini yakhala ikupuma dothi. Ngati pa mndandanda wanu pali hybrid, yoyendera petulo ndi batire, monga Aqua, batire yake yaikulu ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo imazizira ndi kafani kokoka mpweya wa mkati mwa galimoto. Fumbi likatseka kafaniko, batire imatentha n'kufa msanga. Pa tala hybrid imapulumutsa mafuta modabwitsa, koma funsani kaye kuti amene angaikonze ali kutali bwanji ndi kwanu.

Wachitatu ndi madzi ndi matope. Tengani tepi yoyezera, mugwade. Yezani kuchokera pansi kufika pa chinthu chotsikitsitsa, nthawi zambiri sampu (mosungira oilo kunsi kwa injini) kapena ekizozi, ndipo muyeze anthu atakhalamo, osati ili yopanda kanthu. Kenako tsatani paipi ya mpweya muone pamene imakokera. Ina imakokera m'mwamba pafupi ndi boneti, ina m'munsi kuseri kwa bampala. Ya m'munsiyo ikalowa m'madzi ofika m'mawondo imamwa madzi, ndipo madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho zitsulo za mkati mwa injini zimapindika. Galimoto ikazimira m'madzi, kuilizanso ndiko kuipha. Onaninso pamene pali kompyuta yake. Ikakhala pansi pa mpando kapena m'munsi mwa dashibodi, madzi amaipeza msanga.

Wachinayi ndi mafuta. Petulo wa m'dziko muno amasakaniza ndi ethanol, ndipo ina mwa ethanol imeneyo imapangidwa konkuno ku PressCane pa Dyeratu. Injini zambiri sizidandaula naye. Vuto limabwera mafuta akasowa pa mapampu, tonse n'kuthamangira a m'zigubu, amene sitidziwa kuti adutsa m'chiyani. Injini za petulo wamba ndi dizilo zakale zimakhululuka. Za petulo za D-4, zopopera mafuta mwachindunji m'masilinda, monga 1AZ-FSE imene ili mu Noah ndi Voxy zina, komanso dizilo zonse zamakono za common rail, monga D-4D ija, sizikhululuka msanga. Ngati kwanu n'kutali ndi filing'i siteshoni, lembani zimenezi ndi inki yofiira.

Tsopano phiri. Musagule galimoto imene mwangoizungulitsa pa msika. Kuchokera pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa mpaka ku Blantyre msewu umakwera mamita pafupifupi 900, ndipo chitunda chimenecho ndi dokotala waulere. Gwirizanani ndi wogulitsa, thirani mafuta anu, tengani makaniko wanu ndi anthu awiri kapena atatu, mukwere masana, eyakoni ili yoyatsa. Mverani ngati injini ikukuwa koma liwiro osawonjezeka, chizindikiro cha kilatchi kapena CVT yotha. Mverani kunjenjemera ponyamuka. Mukafika pamwamba imani osazimitsa, tsegulani boneti, nunkhizani, suzumirani pansi ngati pakudontha kanthu. Potsika gwiritsani giya yotsika, 2 kapena L, kapena B pa CVT, muone ngati galimoto ikudzigwira yokha. Mabuleki akayamba kununkha kapena kufewa, lembani. Wogulitsa akakana ulendo umenewu, wakuyankhani kale.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mbiri ya galimoto imene ili patsogolo panuyo

Mtundu ukhoza kukhala wolimba koma iyi yokhayi n'kukhala yotha. Probox imene yakhala takisi zaka zisanu osaona oilo watsopano ingagonje kwa galimoto ya mtundu wonyozeka imene mwini wake ankaisamala ngati mwana.

Ngati yangofika kumene kuchokera ku Japan, pemphani pepala la ku okushoni. Pamakhala giredi, monga 3.5, 4 kapena 4.5, ndipo chilembo cha R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Nambala ya makilomita musaikhulupirire yokha, imabwezedwa. Yerekezani ndi mmene chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala zaperepesekera. Lowani kunsi ndi tochi: zochokera kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, zimabwera ndi dzimbiri. Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake pali manambala anayi, mwachitsanzo 2319, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ena amakhala matayala a chisanu, ofewa, amene pa tala yotentha ya kuno amatha ngati sopo.

Ngati yakhala m'dziko muno, makamaka kum'mwera kuno, kumbukirani kuti madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anamiza galimoto, ndipo zina zinatsukidwa n'kubwerera pamsika. Chikomekome cha nkhuyu. Kwezani kapeti, onani m'malo a tayala lapadera, kokani lamba wa mpando mpaka kumapeto muone ngati ali ndi mzere wa matope. Nunkhizani mkati mawindo atatsekedwa. Galimoto yomira imavutitsa ndi mawaya moyo wake wonse, lero nyali, mawa sitata, ndipo palibe makaniko amene amaimaliza. Nambala ya chasisi igwirizane ndi ya pa bulu buku, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ku Road Traffic, osati kudzera mwa dobadoba.

Gawo lomaliza: werengetsani

Bwererani ku kope. Jambulani mizere itatu, umodzi pa galimoto iliyonse. Kuchokera pa zimene amakaniko ndi madalaivala anena, lembani kuti mukuyembekeza kuti idzawonongeka kangati pachaka. Kuchokera pa ulendo wanu wa masipeya, lembani kuti kuwonongeka kulikonse kudzadya masiku angati. Chulukitsani. Tiyerekeze kuti yoyamba idzadwala kasanu ndi kamodzi, tsiku limodzilimodzi: masiku 6. Yachiwiri kawiri kokha, koma milungu iwiri ulendo uliwonse: masiku 28. Kenako dzifunseni kuti tsiku limodzi lopanda galimoto limakudyerani zingati. Kwa wa takisi ndi ndalama ya tsikulo. Kwa mlimi wa tomato kapena wogulitsa nsomba ndi katundu wowola. Kwa amene ali ndi wodwala wofunika kupita naye ku Queens, mtengo wake sulembeka.

Onjezani mafuta a pachaka, matayala, inshuwalansi ndi COF. Ngati mukuitanitsa kunja, funsani ku MRA msonkho wake musanatumize ndalama, chifukwa umasintha malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Pa ndalama imene muli nayo, patulani yoti galimoto ikangofika musinthe oilo wa injini ndi wa giyabokosi, mafyuluta onse, madzi a mu ledieta, mafuta a mabuleki, ndi lamba wa taimingi ngati ilinaye. Ngati mtengo wa galimoto ukumeza ndalama yonse osatsala ya zimenezi, tsikirani ku yotsika mtengo.

Ziwiri zikafanana, ine ndimatenga imene makaniko wa pafupi ndi kwathu angaitsegule popanda kompyuta. Mlamu wanga, amene amangoyenda pakati pa Nchalo ndi Blantyre, anachita masamu omwewa n'kusankha hybrid, ndipo mpaka lero amandiseka tikakumana pa mzere wa mafuta. Ine ndinatenga ya manyuwo, yokwera, ya mtundu woyera wosasangalatsa. Kope lija lili m'kabati ya pa dashibodi, pamodzi ndi fyuzi zapadera ndi lamba wa fani, ndipo chilichonse chimene chawonongeka ndimalembamo tsiku lake ndi masiku amene galimoto yaima. Chaka chathachi anakwana anayi, awiri mwa iwo chifukwa ndinagunda mbuzi pa Bereu.